Lichero Louluka la pa Kompyuta

Ndinafika ku Senga Bay ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, setifiketi ya zotayipa ili m'chikwama, matama atadzaza dengu. Matipate anali akadali atsopano, akazi titangololedwa kumene kuvala mathalauzi, ndipo ine ndinkavala langa kuti aliyense alione. Ntchito ndinaipeza pa loji ina yaing'ono ya mzungu, ya zipinda khumi ndi ziwiri. Ndinkalandira alendo, kuyankha foni ndi kutayipa makalata. Antchito ena onse anali a konko, wa ku Lilongwe ndinali ndekha, ndipo ndinkaonetsetsa kuti asaiwale zimenezo.

Munthu mmodzi yekha ndi amene sankachita nane mantha: amayi amene ankachapa ndi kusita nsalu za alendo. Anali mayi wamasiye wachisilamu, wa m'mudzi wa asodzi kuseri kwa mpanda wathu, wamfupi, wa duku lofiira la madontho oyera, ndi chipini chowala pamphuno. Pa loji yonse panalibenso wina wa chipini. M'mawa uliwonse ndikamadutsa pa chingwe choyanikira, iwo ankayamba.

"A Matipate adzuka! Kodi achimwene anu mwawasiyira chiyani, poti thalauzi mwawalanda?"

"Ndawasiyira chitenje, amayi."

"Walahi, dziko latha."

Ine ndinkachita ngati ndakwiya. Koma nditadwala malungo ndi iwo amene anandiphikira phala, nakhala pakhomo panga mpaka thupi linazizira. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndinkawada. Ndinkawakonda, ndipo chimene ndinawachita ndinachichita ndikuseka.

Kompyuta inabwera m'chaka changa chachiwiri. Bwana anaigula kwa mnzake amene ankabwerera kwawo, ndipo m'katoni mwake munali timadisiki tisanu ndi kamodzi ta pulogalamu yojambulira zinthu zooneka ngati zenizeni, zokhala ndi kutsogolo, kumbuyo ndi mthunzi womwe. Bwanayo anaiyesa masiku awiri n'kutopa nayo. Ine sindinatope. Ndinawerenga buku lake lonse, dikishonale ili pambali, alendo akuimba belu ine osamva.

Kajambulidwe kake sikanali ka pensulo. Unkatenga mipira, mapaipi ndi mabokosi, zonse zooneka ngati zopangidwa ndi waya, n'kumazilumikiza pagalasi. Ukafuna mutu, mpira. Ukafuna mkono, paipi. Kenako unkawauza makinawo kuti ichi n'chobiriwira, ichi n'chonyezimira, dzuwa lili apa, woonera waima apa. Ukamaliza unkadina batani limodzi n'kuchokapo. Makinawo ankatsala akujambula okha, mzere umodzi umodzi, kuyambira pamwamba pa galasi kutsikira pansi. Kachithunzi koyesera, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kankatenga ola limodzi. Chachikulu chinkatenga tsiku lathunthu, ndipo magetsi akathima pakati, unkayambiranso pachiyambi. Magetsi athu nthawi imeneyo ankathima ngati alipo amene akuwalipira kuti azitero.

Khirisimasi ikuyandikira, bwana anandiitanitsa chithunzi choti tikadinde pa matisheti ogulitsa kwa alendo. Ankafuna choseketsa: zolengedwa za ku nyenyezi zina zatera pamchenga wathu kudzadya holide. Anandijambulira papepala chombo chawo, chozungulira ngati mbale ziwiri zovundikirana, nati kwawo ngakhale mwana amachidziwa. Atatero ananyamuka ulendo wa ku Blantyre kukakonzetsa injini ya boti, nati abwera pakatha sabata.

Ndinapanga mbale zija, ndinaziyang'ana, sindinaseke. Mbale ili ndi chiyani choseketsa? Pamenepo inandibwerera nzeru imene ndinadzitama nayo masiku atatu: bwanji chombocho chikhale lichero? Ndisaname kuti sindinkadziwa. Ndinakulira m'tauni, inde, koma palibe Mmalawi amene sadziwa kuti lichero likamauluka mumakhala ndani. Nthabwala yake inali yomweyo: azungu akuti za kumwamba zimabwera pa mbale, pamene ife ndege yathu tinali nayo kalekale. Ndinatha masiku awiri ndikuluka licherolo, kansungwi kamodzi kamodzi, mpaka linaoneka loti ungapetere mpunga wa ku Lifuwu.

Pansi pa lichero ndinapachika makwerero a chingwe, ndipo pamakwereropo cholengedwa chobiriwira, cha maso ngati mazira, chikutsika. Pamchenga ndinaimikapo msodzi, dzanja limodzi likutsatsa chambo, miyendo itayamba kale kuthawa. Komabe cholengedwacho chinkaoneka choperewera. M'mawa umenewo amayi aja anali atandinena kuti ndimayenda ngati nkhanga yovala nsapato, ndiye ndinati dikirani, muona. Ndinachiveka duku lofiira la madontho oyera. Ndinachigwiritsa simbi ya makala. Pomaliza ndinatenga kampira kakang'onong'ono, ndinawauza makina kuti kanyezimire ngati siliva, n'kukamata pamphuno. Pa kachithunzi koyesera kanangooneka ngati kadontho, koma ndinaseka ndekha muofesi mpaka misozi. Ndinkaganiza kuti Loweruka ndidzawaitana kuti adzadzione, adzandithamangitsa ndi thaulo lonyowa, nkhani n'kuthera pomwepo.

Chinthu chimodzi sindinachiganizire. Mlonda wathu wa masana, bambo wamtali wosakonda zolankhula, anali atataya mwana wamkazi wa zaka zinayi mwezi wam'mbuyo. Mwanayo anasewera m'mawa, anakomoka masana, pofika madzulo kunali maliro. Tonse tinapita kukapepesa. Chimene ndinangomvera m'mphepo, osachilabadira, n'chakuti bamboyo anakafika kwa sing'anga wina, amene anayang'ana m'kagalasi kake n'kumuuza kuti wochita zimenezi sali kutali, amadyera limodzi kuntchito. Kuyambira pamenepo ankadya yekha pansi pa mtengo wa mango.

Lachinayi cha m'ma seveni m'mawa ndinadina batani la chithunzi chachikulu. Ndinakhoma ofesi, n'kukwera matola kupita ku boma kukaponya makalata ndi kukagula mapepala. Katani ya pawindo sindinaitseke. Windo limenelo linayang'ana njira ya kukhitchini, imene aliyense ankadutsamo kakhumi patsiku.

Ndinabwerera cha m'ma thu koloko, dzuwa likuswa mtengo. Pageti panalibe munthu. Kubala kunalibe munthu. Onse anali pawindo lija, anthu oposa khumi, ena oti sindinkawadziwa n'komwe, ali chete. Palibe anandipatsa moni. Ndinatsegula chitseko n'kuyang'ana galasi.

Thambo linali litatha. Lichero linali litatha, likulendewera pamwamba pa madzi, lokongola zedi, mthunzi wa nsungwi iliyonse uli pamalo pake. Mzere wojambula uja unali utangodutsa duku, ukuyamba maso.

Ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse.

"Musakhudze, achemwali." Anali mlonda uja, ataima pakhomo, chibonga chili m'khwapa. "Isiyeni imalize kunena."

"Kunena chiyani? Ichi n'chithunzi cha matisheti. Ndapanga ndine."

"Inu munali ku boma."

"Ndinachipanga dzulo ndi dzana!"

"M'mawa ndadutsa pano, galasi linali bii. Ofesi yokhoma, kiyi muli nayo inu. Ndaona ndi maso angawa chikutuluka chokha pang'onopang'ono, mulibe munthu. Ndiye mukuti wajambula ndani?"

Sanakweze mawu, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa kwambiri. Ndikanazimitsa, akanati ndikubisa mfiti. Ndikanasiya, ndinkadziwa chimene chinali m'munsi mwa maso aja. Ndinaima pamenepo ngati chitsa, ndikupempha Mulungu chinthu chimene ndinali ndisanamupemphepo chibadwire: kuti magetsi athime. Sabata imeneyo anali atathima tsiku lililonse. Tsiku limenelo sanaphethire n'komwe.

Maso anatenga mphindi ngati makumi anayi. Ndinkamva kupuma kwa anthu kumbuyo kwanga, ndi kafani ka m'kompyuta. Kuseri, ku chingwe choyanikira, kunkamveka amayi aja akukutumula nsalu, phwa, phwa. Iwo sanabwere pawindo, chifukwa ankati zoonera pagalasi n'za ana. Ndinatulutsa pepala lija bwana anajambulapo mbale, palibe analiyang'ana. Ndinatsegula buku la pulogalamuyo, ndikuwerenga Chingerezi mokweza ngati wamisala. Ndinayang'ana wophika wathu, mkulu wa mpingo, munthu amene ndinkadalira kuti andiimira kumbuyo. Iye ankayang'ana zala zake za kuphazi.

Kenako chinatuluka. Pa chithunzi chachikulu sichinalinso kadontho. Chinawala bwino lomwe, m'kati mwake mukuoneka madzi ndi dzuwa, ndendende monga ndinafunira. Ntchito yabwino kuposa zonse imene ndinagwirapo pa makina aja inali imeneyo.

Wina kumbuyo anati, "Chipini." Sanakuwe, anangonena.

Apo m'pamene ndinapsa mtima, ndipo mtima wanga ukapsa pakamwa sipakhala chitseko. Ndinawauza kuti onse ndi mbuli. Ndinati dziko likupita patsogolo iwo akadali m'tchire, kuti makina sadziwa ufiti, amadziwa masamu, masamu amene iwo anathawa ali sitandade folo. Ndinanena zambiri. Zina zinali zoona, koma anthu ukawatukwana sabwerera m'mbuyo. Amene anali akukayikabe anasiya kukayika nthawi yomweyo, ndinaona ndithu nkhope zawo zikuuma.

Simbi inatuluka cha m'ma folo. Mlonda anaiyang'ana kanthawi, anagwedeza mutu kamodzi, n'kutembenuka kupita, ntchito asanaweruke.

Chithunzi chitatha ndinachisunga, n'kutsegulira otsalawo mmene chinalili poyamba, cha mawaya okhaokha, kuti aone kuti ndi mipira ndi mapaipi basi. Ndinachitembenuza uku ndi uku. Mayi wina wokonza m'zipinda anabisa nkhope m'manja.

"Mayo ine! Mpaka mafupa awo akuoneka."

"Chabwino," ndinatero. "Ndichotsa dukuli, ndichiveka thalauzi langali ndi tsitsi langali. Bwerani mawa, mudzaone ngati inenso ndili mfiti."

Ndinasintha mothamanga, ndinadina batani. Lisanathe ola, magetsi anathima. Anati mtengo wagwera mawaya kwinakwake kumsewu, ndipo sanabwerenso mpaka Lolemba.

Ndinathamangira kuseri. Amayi aja anali akupinda nsalu zomaliza, osadziwa kanthu, akungodabwa kuti lero palibe wabwera kudzawapempha makala.

"Amayi, lero musakagone kwanu."

"Ndikagone kuti? Mwaphwanya chiyani, a Matipate?"

Ndinafotokoza, koma ndinafotokoza mozungulira chifukwa cha manyazi. Ndinatchula chithunzi, ndinatchula duku, lichero ndinalitchula motsitsa mawu. Iwo anasiya kupinda, anandiyang'ana, kenako anapitiriza.

"Chithunzi chimaluma? Ine ndabadwira m'mudzi umenewu. Mwana wa mlonda ujanso ndinamusambitsa ndine tsiku limene anabadwa. Inshala kulibe kanthu."

Anasenza mtolo wawo n'kupita kwawo.

Lachisanu sanabwere kuntchito. Mlondanso sanabwere. Ndinadikira mpaka masana, kenako ndinamanga chitenje pamwamba pa thalauzi n'kulowera kumudzi. Masiku amenewo anthu anali atangosiya kuopa zimene ankaopa kale, ndipo ena anasiya kuopa china chilichonse. Tinkamva za anthu ogwidwa m'misika osafika nawo kubwalo la milandu. Ndinkayenda ndikuganiza zimenezo.

Nyumba yawo sindinachite kufunsa. Mpanda wa udzu unali pansi, padenga la malata pali miyala, mphika utagubuduzika pabwalo. Anthu analipo ambiri, ena atakhala, ena ataima, ena atangochokera ku swala, mapemphero a Lachisanu. Pakhomo panaima shehe wa pamzikiti, nkhalamba yowonda, atagwira mphuthu za chitseko ndi manja onse awiri. Mlonda anali atakhala pangalawa yovundikira, mkazi wake ali pambali, maso ali otupa.

Ndinapempha kulankhula, ndipo anandilola. Nthawi ino sindinatukwane. Ndinagwada. Ndinati duku ndinaika ndine, chipini ndinaika ndine, lichero ndinaluka ndine ndi manja angawa, makina anangopaka utoto. Ndinati ngati pali wolakwa, ndine. Anamvetsera bwinobwino mpaka ndinamaliza, ndipo ndinayamba kuganiza kuti zatheka.

Mkazi wa mlonda ndi amene anafunsa.

"Tamva, achemwali. Mwati munaika ndinu. Pa loji pali akazi angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Ndiye pa onsewo, lichero munapatsa iwowa. Munawadziwa bwanji?"

Ndinatsegula pakamwa, ndipo choonadi chinatuluka chowonda ngati udzudzu. Ndinati n'chifukwa choti anandinena mayendedwe. Wina anaseka mopanda chimwemwe. Palibe anakhulupirira kuti munthu wa sukulu, wodziwa kulankhula ndi makina, angaike mayi wamkulu pa lichero chifukwa cha mayendedwe. Kwa iwo kunali kosavuta kukhulupirira kuti ndinaona kanthu, ndipo tsopano ndikuopa. Bambo uja ndi mkazi wake sindiwada mpaka lero. Mwana wawo anapita m'tsiku limodzi popanda wowauza chifukwa, ndipo ine ndinawapatsa nkhope yoti aziiyang'ana.

Shehe anandikodola, nandinong'oneza osachotsa manja pachitseko.

"Mwanangu, pitani. Mukamalankhula mukuwonjezera nkhuni. Lero ndiima pano, mawanso ndiima. Koma ndine nkhalamba, sindingaime mwezi. Tatuma kale munthu ku Chipoka kwa mwana wawo wamkazi."

"Ali bwanji m'katimo?"

"Akupemphera."

Ndinafuna kulowa, anandikaniza. Ndinabwerera ndikulira njira yonse, ana akunditsatira chapatali.

Bwana anafika Lamlungu. Nditamufotokozera anayamba waseka, poganiza kuti ndi nthabwala ina, kenako anafiira. Ankangobwereza kuti ndi dengu chabe, dengu lopetera mpunga. Anafuna kuchotsa mlonda ntchito tsiku lomwelo, ndipo ndinachita kumugwira mkono. Ndinamuuza kuti akatero, anthu adzati mfiti yadya mwana, yadyanso ntchito ya bambo ake, ndipo shehe sadzathanso kuwaletsa. Anandifunsa kuti ndiye achite chiyani. Kenako anati awawonjezera malipiro amayiwo kuti akhale, ngati kuti vuto linali limenelo.

Lolemba m'mawa magetsi anayaka. Chithunzi changa cha thalauzi chinalibenso ntchito, panalibe amene akanabwera kudzachiona. Cha m'ma naini ndinamva mapazi pakhomo la ofesi. Anali amayi aja, ali ndi mkamwini wawo amene anabwera kudzawatenga. Anadzera ku loji kudzatenga zawo: kapu, epuloni ndi simbi, poti simbiyo inali yawoyawo. Pamphumi panali bala laling'ono louma.

Ndinaimirira.

"Ndionetseni," anatero.

"Amayi, ndichifufuta pompano."

"Ndati ndionetseni. Mudzi wonse wandiona, ine ndekha ndisadzione?"

Ndinatsegula. Chithunzi chosungidwa sichichedwa, chinangoti mbee galasi lonse. Anaika katundu pansi, anayandikira mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza. Anayang'ana lichero nthawi yaitali. Anatsika pa duku, pa maso aja, pa msodzi wothawa ndi chambo chake. Atafika pa simbi mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinkayesa akulira.

"Ha! Ndiye ndachoka kumwamba konseko, ulendo wonsewo, n'kubwera ndi simbi? Ngakhale kumeneko kulibe wondipumitsa?"

Anaseka mpaka anagwira tebulo. Anaitana mkamwini wawo kuti adzaone miyendo ya msodziyo, koma iye anakana, anangoima panja nkhope ili gwa. Pa anthu onse amene anaona chithunzi chimenecho, amene anaseka ndi iwo okha. Inenso ndinayamba kumwetulira, mtima ukutsika, ndikuganiza kuti ndakhululukidwa.

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Luso muli nalo, mwanangu. Lichero limeneli ngakhale pamsika lingagulidwe." Anapuma pang'ono. "Kodi amayi anu ali moyo?"

"Ali moyo."

"Amavala duku?"

"Amavala."

"Nanga bwanji simunaikepo iwowo?"

Anadikira ndithu kuti ndiyankhe. Ndinadziwa yankho lake, iwonso analidziwa. Atawona kuti sindinena kanthu, anawerama, anatola kapu, epuloni ndi simbi, n'kutuluka kutsata mkamwini wawo kumsewu. M'mudzi umenewo munali manda a amuna awo ndi a ana awo awiri, ndipo sanabwererekonso.